Mzere Wofiira pa Botolo la Ada

Botolo lija linkaima kuseri kwa nyumba yathu, pamwala waukulu umene kale tinkachapirapo zovala, pansi pa mtengo wa mango. Linali lagalasi, lalikulu, la khosi lalifupi, ndipo m'mbali mwake munali timizere ndi manambala. Pa mzere umodzi dokotala anamatapo kachidutswa ka pulasitala n'kukalemba ndi bolopeni yofiira. Ntchito yanga m'mawa uliwonse ndisanapite kusukulu inali yofika pamwalapo, kuwerama, kuona pamene mkodzo wa bambo anga wafika, n'kulemba nambalayo m'kope. Ndinagwira ntchitoyo pafupifupi miyezi itatu. Mpaka lero ndikaona botolo lotere m'sitolo ndimayang'ana kumbali.

Kwathu ku Nkhata Bay bambo timati Ada, mayi timati Ama, ndipo pano ndiwatchula choncho chifukwa mayina enawo sakhala bwino pakamwa panga. Ine ndinali mphunzitsi wa masamu m'chigawo chapakati, mpaka chaka chija aphunzitsi akumpoto tinauzidwa kuti aliyense abwerere kwawo. Palibe anafunsa chifukwa chake. Masiku amenewo munthu sunkafunsa, unkangomanga katundu. Ndinafika kunyumba ndi sutikesi imodzi ndi mkwiyo wodzadza pamtima, koma mkwiyowo unatha tsiku lomwelo nditaona Ada. Malaya awo a kutchalitchi ankaoneka ngati obwereka.

Nyumba yathu ili pamtunda, m'njira yotsikira ku Chikale. Ada anaimanga atabwera ku Joni, kumene anapita selefu, payekha popanda womulemba ntchito, akali mnyamata, mbali ina ya ulendowo akuyenda pansi. Anzawo ambiri ankakumba golide, koma iwo anakathera ku mgodi wa pulatinamu, ndipo ankakonda kunena kuti anakumba chinthucho zaka zonsezo osachiona ndi maso olo kamodzi. Iwo ankangoona miyala yakuda ikukwera kumtunda. Kumene inkapita, ndi amene ankaidya phindu, sankadziwa. Chipewa chawo cholimba ndi majombo zinkakhala pa misomali m'chipinda chochezera, pansi pa chithunzi chija cha mtsogoleri wa dziko chimene nyumba iliyonse inkapachika. Ama ankazipukuta Loweruka lililonse akung'ung'udza kuti anthu ena amabwera ndi wailesi ku Joni, iwo anawabweretsera zisa za akangaude.

Matendawa anayamba ndi magazi mu mkodzo. Kwathu kunyanja zimenezo siziopsa munthu. Aliyense anadwalapo likodzo, ndipo amuna ena akale ankaliyesa chizindikiro cha kukula. Ada anabisa kwa chaka chathunthu. Ululu utawakulira, mng'ono wawo anawatengera kuchipatala cha mishoni kumapiri, ulendo wa theka la tsiku pa basi, ndipo kumeneko anapeza chotupa m'chikhodzodzo. Dokotala wake, mayi wachizungu wowonda wosakonda kuseka, ananena mawu aja mosazungulira: khansa. Anati mankhwala alipo koma m'dziko muno sapezeka wamba. Mchimwene wanga wamkulu, amene ankagwira ntchito ku Harare, ndiye anawasaka n'kuwatumiza. Phukusilo linafika litatsegulidwa kale n'kumangidwanso ndi chingwe china, monga ankachitira ndi chilichonse chochokera kunja. Tinangothokoza kuti timabotolo tonse tinalimo.

Tsiku loyamba kulandira mankhwalawo tinapita atatu. Dokotala ankalankhula ndi ine m'Chingerezi, namwino n'kumatembenuzira makolo anga m'Chitumbuka. Dokotala ananyamula kabotolo kamodzi n'kunena kuti mankhwalawa amapangidwa kuchokera ku chitsulo chotchedwa pulatinamu. Namwino asanatsirize, Ada anali atamva kale. Anaseka kwambiri mpaka kutsokomola.

"Tandipatsani ndichione," anatero.

Anakagwira kabotoloko ndi zala ziwiri, n'kukatembenuzira kuwindo. Munali kaufa kachikasu basi. Kuseka kuja kunatha pang'onopang'ono.

"Ndiye chinali kundisaka nthawi yonseyi," anatero chapansipansi. "Chandipeza."

Dokotala anafunsa chimene anena, ine ndinayankha kuti akuthokoza.

Kenaka anatifotokozera vuto lake. Mankhwalawa amapsereza chotupa, koma potuluka m'thupi amadutsa mu impso, ndipo amaziwotcha nazonso. Ada ankayenera kumwa madzi ambiri tsiku lililonse, ngakhale asakuwafuna. Makina oyezera mphamvu ya impso pachipatalapo panalibe. Magazi ankawatumiza kutauni, ndipo yankho linkabwera patatha milungu, nthawi zina osabwera n'komwe. Choncho dokotala anatulutsa botolo lija m'kabati, namata pulasitala, nalemba mzere wake wofiira. Mkodzo wonse wa usana ndi usiku uzithiridwa mmenemo, m'mawa uziwerengedwa.

"Ukatsika pansi pa mzerewu masiku awiri otsatizana," anatero, "mubwere naye msanga. Mankhwala tidzasiya."

Namwino anabwereza mawuwo m'Chitumbuka. Ndimakumbukira kuti Ada anayang'ana Ama, Ama n'kuyang'ana pulasitala.

Tsopano apa ndi pamene panavuta, ndipo munthu wosakulira kwathu akhoza kuseka. Mwana wamkazi wamkulu salowa kuchipinda kwa bambo ake. Sakhala nawo pampando umodzi, sawaona atavula malaya, ndipo za mkodzo wawo sizimukhudza ngakhale m'maloto. Koma Ama maso anali atayamba kuchita khungu, timanambala tapagalasi sankationa, ndipo kulemba ankangodziwa dzina lawo. Wowerenga ndinayenera kukhala ine. Palibe anakhala pansi kukonza dongosolo, linangodzikonza lokha. Kukacha Ama ankatuluka ndi botololo atalikulunga m'chitenje, kuliika pamwala, kulivundukula, n'kutsokomola kamodzi. Akalowa kukhitchini ine ndinkatuluka ndi kope. Ndinkawerama manja ali kumbuyo, osaligwira, osalitsegula, chifukwa pakamwa pake ankatsekapo ndi chitsononkho. Ndikalemba ndinkatsokomola nanenso, Ama n'kubwera kudzalitenga kuti akakhuthule okha kuchimbudzi, poopa kuti wina wa mtima woipa angatapeko. Ine ndi Ada tikakumana pakhonde tinkapatsana moni ngati botololo kulibe padziko.

"Mwayuka uli, Ada?"

"Ndayuka, mwana wangu. Ana asukulu akumva masamu?"

Diripi yoyamba inawasanzitsa masiku atatu. Koma mlungu wachiwiri madzi a m'botolo, amene poyamba ankakhala ofiirira, anayamba kuyera. Magazi analeka. Ada anadya, anameta ndevu, Lamlungu n'kutsika okha kupita kutchalitchi kukaimba besi yawo imene inkagwedeza mabenchi. Anthu ankabwera kudzaona ndi maso. Ama anapita kumsika, anaonetsa khadi ya chipani pageti akumwetulira ngati akuonetsa chithunzi cha mdzukulu, n'kubwera ndi batala wamkulu, nsomba imene Ada ankaikonda kuposa zonse. Sindinawaonepo akusangalala chotero. Manambala a m'kope mwanga ankakwera ndi kutsika monga zinthu zamoyo zimachitira, lero pamwamba kwambiri, mawa pang'ono, koma onse kumtunda kwa mzere.

Zachilendo zinayamba titabwera ku diripi yachiwiri. Choyamba chinali kukamwa. Ada ankati chilichonse chikumveka chitsulo, madzi, nsomba, ngakhale malovu awo omwe. "Mgodi uli m'kamwa muno," ankatero akulavula. Shuga ndiye ankawanyansa kwambiri, mpaka Ama anasiya kuthira mu tiyi wa m'nyumba monse. Chitini cha shuga anachikweza pamwamba pa kabati kuti chizidikira alendo, ndipo ine ndinazolowera kumwa tiyi wowawa ndikudandaula chamumtima.

Chachiwiri chinali belu. Tsiku lina Loweruka masana, dzuwa lili paliwombo, ndikuchonga makope pakhonde, ndinaona Ada ataima pakati pa bwalo. Kunali zii, ngakhale nkhuku zinali zitabisala. Anapendeketsa mutu ngati munthu woitanidwa kutali.

"Wamva?" anandifunsa.

"Chiyani, Ada?"

"Belu."

Ndinatchera khutu. Kunalibe belu la tchalitchi, kunalibe hutala ya sitima kudoko, kunalibe kanthu.

"Katatu," anatero, akuwerenga ndi chala. "Kenaka katatunso. Ndiye kuti mu kheji mukulowa anthu."

Kheji ndi chikepe chimene chinkawatsitsira pansi pa mgodi. Anaima pomwepo kanthawi, kenaka anagwedeza mutu n'kunena kuti si shifiti yawo, n'kubwerera kukakhala pampando.

Dokotala anali atanena kuti mankhwalawa amatha kuliza m'makutu, ndipo ndinawakumbutsa zimenezo. Anavomera mwaulemu ngati mmene umavomerera mwana. Koma belulo silinkalira chisawawa ayi. Linkalira masana aliwonse nthawi yofanana, ndipo tsiku lililonse ankati layandikira. Poyamba linkamvekera kutsidya kwa doko, kenaka kumsika, kenaka m'njira ya ku Chikale pansi pa nyumba yathu. Anayamba kutchula anzawo amene anatsala pansi pamene mwala unagwa, anthu amene sanawatchulepo chibadwire changa. Sankaoneka wamantha. Chimene chinkandiopsa ine n'chakuti ankaoneka ngati munthu wodikira basi imene akudziwa kuti ibwera.

Nthawi yomweyo ndi pamene manambala anasiya kuyenda. Sindinganame kuti sindinaone. Lolemba madzi anaima chala chimodzi pamwamba pa mzere wofiira. Lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu, Lachinayi, mlungu wonse, mlungu winanso, nambala yomweyomweyo, ngati munthu wachita kuyeza ndi rula. Kutenthe, kugwe mvula, Ada amwe madzi ambiri kapena akane, botolo linkayankha mofanana. Ine ndine mphunzitsi. Ana makumi asanu akandipatsa yankho limodzi lolembedwa mofanana, ndimadziwa kuti pali wina wakopetsa anzake, ndipo sindigona mpaka ndimupeze. Koma apa ndinkalemba nambalayo, n'kuika kadontho, n'kutseka kope mtima uli m'malo. Ndinkafuna kuti zikhale zoona.

Kenaka kunabwera nyerere. M'mawa wina ndinapeza mzere wakuda ukuchokera pa tsinde la mango, kukwera mwala, kukwera galasi, mpaka pa chitsononkho. Zinkazungulira pakhosi pa botolo mwakhama, zina zikutsika, zina zikukwera. Ndinaziyang'ana nthawi yaitali. M'maganizo mwanga munabwera matenda a shuga, chifukwa ndinamvapo kuti mkodzo wa odwala shuga umaitana nyerere, ndipo ndinadziuza kuti ndidzafunsa dokotala. Nditadzuka ndinaona Ama ataima pakhomo la khitchini akundiyang'ana. Masiku onse ankalowa mkati ine ndikamawerenga, koma tsiku limenelo anaima chilili, manja atawapinda pachifuwa. Ndinachita manyazi, ngati andipeza ndikusuzumira chosayenera. Ndinatsokomola msangamsanga n'kuthawira kusukulu.

Kuyambira pamenepo nyerere sizinaphonye tsiku, ndipo Ama sanaphonye kuima pakhomo paja.

Ada anayamba kudzadza thupi. Nkhope inkatupa m'mawa, zikope n'kulemera. Anthu obwera kudzazonda ankawomba m'manja kuti abambo akunenepa, mankhwala a ku Harare ndi ena. Tsiku lina belu lija litalira anatsitsa majombo awo pamsomali kuti avale, koma phazi linakana kulowa. Analimbana nalo mpaka kupuma movutika, kenaka anakhala n'kumaliyang'ana jombolo modabwa. Ankadzikanda thupi lonse. Mpweya wa m'kamwa mwawo unkamveka fungo lina lake lachilendo, moti ukakhala pafupi unkafuna kutembenuka, koma ulemu sunkalola.

Tinapitanso kumapiri. Dokotala anadina mwendo wa Ada ndi chala, ndipo dzenje limene linatsala silinabwerere. Anakwinya nkhope n'kupempha kope langa. Anatsegula tsamba ndi tsamba, kubwerera m'mbuyo, kupitanso kutsogolo.

"Amawerenga ndani?" anafunsa.

"Ine."

"Ndi maso anu?"

"Ndi maso anga. Ndimaphunzitsa masamu."

Mawu amenewo ndinawanena monyada, mutu uli m'mwamba, chifukwa ndinamva ngati mzungu akukayikira ngati munthu wakuda angawerenge mzere pagalasi. Ndinali nditanyozedwa kale chaka chimenecho, ndipo sindinafune kunyozedwanso. Za nyerere sindinatchule. Zinandifika pakamwa, koma Ada anali pomwepo, ndipo kunena za mkodzo wawo iwo akumva kunandikanika. Dokotala anandibwezera kopelo. Anatenga magazi oti atumize kutauni, nanena kuti mwina kutupaku kukuchokera kumtima, nachepetsa mlingo wa mankhwala. Diripi inakwezedwa. Ama anatuluka panja n'kukakhala pansi pa mtengo, osadya kamba amene tinanyamula.

Patapita masiku asanu Ada sanatuluke m'chipinda. Chakumasana Ama anabwera kudzandiitana, nati, "Awusu akukufuna," kutanthauza bambo ako. Ndinaima pakhomo la chipindacho ngati mlendo. Chikulire sindinalowemo. Munali mdima pang'ono ngakhale kunja kunali dzuwa, ndipo fungo lija linali ponseponse. Ada anagona chagada, maso ali kudenga, chipewa chawo cholimba chili pachifuwa.

"Tseka chitseko, mphepo ya pansi ikulowa," anatero.

Kunalibe mphepo. Ndinatseka.

"Belu lalira pakhomo pompano. Iwe sunamve?"

"Sindinamve, Ada."

"Uli ndi mwayi." Anapuma kaye. "Kope lako lili bwino?"

Aka kanali koyamba kuti atchule kopelo. Ndinayankha kuti lili bwino, manambala onse ali pamwamba. Anamwetulira, n'kunena kuti ndine mwana wabwino, sindivutitsa.

Mng'ono wawo anapeza lole yopita kumapiri madzulo omwewo. Kutsogolo kunali malo a anthu awiri okha, wodwala ndi womugwirizira, ndipo popeza kuwodi ya amuna kumafunika mwamuna, amene anapita nawo ndi mng'ono wawoyo. Ine ndi Ama tinagwirizana zonyamuka ndi basi ya m'mawa.

Kutacha ndinamva kutsokomola kuja kuseri kwa nyumba. Thupi linadzuka lokha. Ndinatenga kope ndi bolopeni, ndinatuluka, ndinazungulira pangodya, ndipo ndili pakati pa njira m'pamene ndinakumbukira kuti Ada m'nyumba mulibe. Anagona kutali, kuseri kwa mapiri. Ndinaima. Ndinafuna kudziseka n'kubwerera, koma maso anali atafika kale pamwala.

Botolo linali pomwepo. Linali ndi madzi ake achikasu, chala chimodzi pamwamba pa mzere wofiira. Nyerere zinali zitayamba kale kukwera.

Sindidziwa kuti ndinaima nthawi yaitali bwanji. M'makutu mwanga munayamba kulira, ndipo ndinaganiza kuti nanenso ndamva belu. Ndinaganiza zinthu zimene mphunzitsi sayenera kuganiza: kuti Ada amwalira panjira ndipo abwera kudzatsiriza ntchito yawo. Kenaka ndinachita chimene sindinachitepo miyezi yonseyo. Ndinagwira galasilo. Linali lofunda. Ndinazula chitsononkho n'kununkhiza.

Anali tiyi.

Nditatembenuka, Ama anali pakhomo la khitchini, pamalo awo a masiku onse, ketulo ili m'manja. Anayang'ana ine, anayang'ana botolo, kenaka anayang'ana ketuloyo ngati sakuidziwa.

"Manja achita okha," anatero. "Ndaiwala kuti kulibe."

"Ama, chimenechi n'chiyani?"

Anakhala pansi pomwepo, pa dothi.

"Kuyambira liti?"

"Titabwera ulendo wachiwiri uja. Unayamba kuchepa. Tsiku loyamba unafika apa." Analoza pansi pa mzere. "Awusu anati, mawa ukachepanso atilanda mankhwala, magazi abwerera. Anati thirako madzi pang'ono, mawa ndikodza bwino. Madzi ankaoneka oyera kwambiri, ndiye ndinayamba tiyi."

"Nanga wawo weniweni unkafika pati?"

Anandionetsa ndi chala chawo, kuchokera kunsonga mpaka pa mfundo yoyamba. Kenaka anasuntha chikhadabo kutsika.

"Mlungu uno, olo dontho."

Ndinakalipa. Sindibisa, ndinakalipira mayi anga ondibala mawu amene sindingawalembe pano. Ndinati awapha ndi manja awo, ndinati umbuli ndi matenda oposa khansa. Anangotenga botololo, kulikulunga m'chitenje monga mwa masiku onse, n'kupita nalo kuchimbudzi. M'basi tinakhala mpando umodzi osalankhulana mpaka kumapiri.

Ndinamuuza dokotala zonse nditaimirira pakhonde la wodi. Sanandikalipire, ndipo zikanakhala bwino akanatero. Anangotseka maso kanthawi, n'kunena kuti impso zikafika pamenepa pachipatala pawo palibe chimene angachite. Ada anakhala masiku awiri akugona tulo tolemera. Mng'ono wawo anatiuza kuti chakumapeto anadzidzimuka n'kufunsa amene watenga nyale yawo, chifukwa sangatsike wopanda nyale. Yankho la magazi aja linafika maliro atapita kale, m'envelopu yabulauni. Ndinaliwerenga kamodzi n'kuliika m'kope muja.

Ine ndi Ama tinakhala m'nyumba imeneyo zaka zambiri pambuyo pake, awiriwiri. Nkhani ya botolo sitinaikambenso. Ndinkawasamalira, kuwaphikira, kuwaperekeza kutchalitchi maso atatheratu, koma pansi pamtima ndinali nditawaweruza, ndipo iwo ankadziwa. Mwala uja palibe anachapiraponso.

Zinthu zitasintha m'dziko, anthu atayamba kulankhula momasuka, kunabwera mwana wa mchimwene wanga uja kudzacheza. Anali atakula ndipo ankagwira ntchito yopereka mankhwala m'chipatala china kunja. Ndinamufunsa za mankhwala a agogo ake. Anandiuza kuti akugwirabe ntchito mpaka pano ndipo apulumutsa anthu ambiri, koma akatswiri anavutika nawo zaka zambiri pofuna kuti asamawononge impso. Anasintha zimene amamangirira ku chitsulocho kuti chisamalume msanga chikamadutsa, ndipo anapeza mtundu wina wofatsa ku impso, ngakhale nawo uli ndi zovuta zake m'magazi. Anati ena akufufuzabe ofatsa kuposa pamenepo. Ndinafunsa kuti mtundu wofatsawo unayamba liti kupezeka. Anawerenga zala, nandiyang'ana, nazengereza. M'maiko olemera unali utayamba kale pamene Ada ankadwala.

Usiku sindinaziganizire kwambiri, koma m'mawa ndinaona kuti mwina nkhaniyi ingawapepuze Ama. Ndinawapeza atakhala pakhonde akuwotha dzuwa, kapu ya tiyi ili m'manja. Ndinawafotokozera zonse pang'onopang'ono. Ndinati mankhwala aja anali aukali mwa iwo okha, anthu ophunzira kwambiri ankadziwa zimenezo ndipo ankafunafuna ena, ndiye asamadziimbe mlandu okha. Ndinamva bwino polankhula. Ndinkadziona ngati munthu wamkulu mtima amene wabwera kudzakhululuka.

Anamvetsera mpaka ndinatsiriza. Kenaka anatembenuzira nkhope yawo kwa ine, maso oyera aja akuyang'ana pambali pang'ono pa phewa langa.

"Nyerere zija unkaziona?"

"Ndinkaziona, Ama."

"Tiyi wa m'nyumba muno nthawi imeneyo anali ndi shuga?"

Ndinaona chitini chija pamwamba pa kabati, ngati chili patsogolo panga.

"Awusu anandilumbiritsa kuti ndisauze munthu," anatero. "Mwamuna wanga, akudwala, atandigwira dzanja. Ndikanakana bwanji? Koma sanandiletse kuyankha ndikafunsidwa. Ndiye ndinkakwera pampando m'mawa uliwonse, kutsitsa chitini, kuthira masupuni atatu. Ndinkapakanso pang'ono pa chitsononkho kuti zibwere zambiri. Ndinati mwana wanga ndi wophunzira, aona, afunsa."

Anamwa tiyi wawo pang'ono.

"Ndinkaima pakhomo paja kukudikira. Iwe unkangotsokomola."